Mbozi zikumaliza minti, kolianda ndi masamba kudimba kwanu? Musanathamangire saipa chitani izi

Masiku ano ambirife tadzala timasamba tokometsera ndiwo kuseri kwa nyumba, ena m'matumba a simenti, ena m'zigubu zodula pakati, ena pabedi kudimba limodzi ndi repu ndi mpiru. Minti wa mu tiyi, kolianda, pasile, basil, curry leaf, lemoni girasi, rozimale, mwinanso kamtengo ka ndimu pakona. Ndiye tsiku lina mwadzuka m'mawa mwapeza masamba ali mabowo okhaokha, ena atsala mitsempha yokha, mbande zina zagwa pansi chonsecho dzulo zinali bwinobwino. Apa ambiri amangothamangira kokagula saipa, mankhwala aja ophera tizilombo a cypermethrin, n'kupopera basi. Ine ndikuti dikirani kaye. Masamba awa si chimanga choti mupopera lero mudzakolola pakatha miyezi, awa mumathyola lero kudya lero lomwe, ndipo kolianda ndi minti nthawi zambiri sitiphika n'komwe, timangowaza pandiwo kapena kuponya mukapu. Mankhwala omwe mwathira Lachiwiri, Lachitatu ali kale m'mimba mwa mwana wanu. Komanso pa kabedi ka mamita awiri kapena atatu mbozi zimatheka ndi maso ndi manja, bola mudziwe kuti ndi mbozi yanji ndipo muipeze ikadali yaing'ono.

Choyamba tsimikizani kuti ndi mbozidi

Si bowo lililonse patsamba lomwe yaboola ndi mbozi. Nkhono nazonso zimadya usiku koma zimasiya kanjira konyezimira patsamba ndi pansi pomwe zadutsa. Ziwala, makamaka nunkhadala, zimadya masana dzuwa likuswa mtengo ndipo mumaziona ndi maso zitakhala patsambapo. Timabowo ting'onoting'ono tozungulira tambirimbiri pa mpiru kapena tchainizi kawirikawiri ndi tizikumbu takuda tija timadumpha mukayandikira. Masamba akapiringizika n'kumamata m'manja, nyerere zili piringupiringu, amenewo ndi nsabwe za m'masamba osati mbozi.

Umboni wa mbozi ndi zitosi zake. Yang'anani timibulu takuda kapena tobiriwira pamasamba am'munsi kapena pamphanda pomwe tsamba lalumikizana ndi tsinde. Mukatipeza kwezani maso pamwamba pake pang'ono, mwini wake amakhala chapompo, ndipo timibuluto tikakhala tobiriwira tonyowa ndiye kuti wadya posachedwapa sanapite patali. Mbozi zambiri zimafanana mtundu ndi tsamba lomwe zikudya ndipo zimagona motsatira mtsempha wapakati kunsi kwa tsamba, nde mukangoyang'ana pamwamba muli chiimire simuona kanthu. Gwadani, tembenuzani tsamba limodzilimodzi, tsegulaninso kunsonga komwe kukutuluka masamba anthete. Nthawi yabwino ndi mbandakucha dzuwa lisanatenthe kapena madzulo kutangoda, ndi tochi ya pafoni. Pa minti ndi basil pomwe masamba ndi ambiri othithikana, yalani pepala loyera kapena nsalu pansi n'kugwedeza mbewuyo, zina zimagwa zokha.

Kenako dziwani kuti mwapeza iti

Apa ndiye pofunika kudekha chifukwa njira yothana ndi yodula mbande si yomweyo ya ya pakabichi.

Ngati mbande zomwe mwangowokera kapena kolianda wongomera kumene mukumupeza atadulidwa patsinde penipeni pomwe walekezera dothi, tsamba silinadyedwe n'komwe langogona pansi, imeneyo ndi mbozi yodula mbande, alangizi amati cutworm. Masana simungaione pamwamba. Fukulani ndi chala kapena kamtengo mozungulira mbande yomwe yagwayo, masentimita atatu mpaka asanu kuya kwake, mupeza chimbozi chotuwa kapena chakuda chonenepa chosalala, mukachikhudza chimadzipinda n'kukhala phee. Chimodzi chokha chimatha kugwetsa mbande zingapo usiku umodzi motsatira mzere.

Pa repu, mpiru, tchainizi ndi kabichi mdani wamkulu ndi kambozi kakang'ono kobiriwira ka kagulugufe kotchedwa diamondback moth. Kakakula kamafika sentimita imodzi yokha basi, kosongoka mbali zonse ziwiri. Mukakakhudza kamaphiriphitha mwamphamvu kubwerera chambuyo n'kudzigwetsa, n'kutsala kakulendewera pa ulusi. Kadyedwe kake nakonso n'kodziwika, kamapala kunsi kwa tsamba n'kusiya kakhungu kapamwamba koonekera kuwala, kenako kakhunguko kakauma ndi pomwe pamabooka. Kamagona m'kachikwa ka ulusi wotayana komatirira kunsi kwa tsamba. Kukamatentha kuchokera dzira mpaka kagulugufe koikiranso mazira pamangopita masabata awiri kapena atatu, ndipo kakakazi kamodzi kamaikira mazira oposa 100, n'chifukwa chake mu September, October mpaka mvula isanayambe madimba a masamba amakhala pamoto. Mvula yamphamvu imakokolola ndi kupha timbozi tambiri, nde dzinja kamachepako. Kameneka kamadya mbewu za banja la kabichi lokha, minti ndi kolianda sikakhudza.

Pa minti ndi basil yomwe imapezeka kwambiri ndi yobiriwira ya timizere toyera m'mbali, yoyenda mopinda msana, imakoka kumbuyo kufikitsa kutsogolo n'kutambasukanso. Imayenda choncho chifukwa ilibe miyendo ina ya pakati pa thupi. Imafika masentimita atatu kapena kuposerako pang'ono ndipo imaboola mabowo akuluakulu osalongosoka pakati pa tsamba. Imadyanso letesi, kabichi ndi tomato.

Palinso ija ya pathonje yomwe imaboolanso tomato, African bollworm. Mtundu wake sudalirika, ina yobiriwira, ina yofiirira, ina yoderako, koma imakhala ndi mzere wotuwa m'mbali ndipo imafika pafupifupi masentimita anayi. Iyi imakonda maluwa, nsonga ndi zipatso, nde pa basil muisake kumaluwa, pa tomato ndi tsabola mupeza bowo lozungulira mutu uli mkati thupi lili kunja. Mazira ake amaikira limodzilimodzi, toyera tozungulira, pansonga zanthete.

Mukaona kachigamba kaubweya kotuwa komatirira patsamba, amenewo ndi mazira a mbozi za gulu la ntchemberezandonda, gulugufe wake amaunjika mazira ambiri pamodzi n'kuwafunditsa ndi ubweya wa pathupi pake. Akaswa timbozi timadyera pamodzi tsamba limodzi mpaka kutsala mitsempha kenako n'kubalalika. Ija yachilendo ya fall armyworm, yomwe inachokera ku America n'kuoneka mu Africa mu 2016 ndipo pofika December 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 kuno kwathu ali pa ngozi chifukwa cha iyo, mumaizindikira ndi chizindikiro cha Y wozondoka pamutu ndi timadontho tinayi takuda kumchira. Iyo kwenikweni imafuna chimanga, koma ngati mwadzala chimanga chachiwisi m'dimba momwemo muziyang'anako.

Amene muli ndi kamtengo ka ndimu, lalanje kapena curry leaf, mukaona chinthu patsamba chooneka ngati chitosi cha mbalame, chakuda ndi choyera, chiyang'anitsitseni, kawirikawiri ndi mbozi ya gulugufe wamkulu uja wakuda wa madontho achikasu. Ikakula imasintha n'kukhala yobiriwira yonenepa, mukaiputa imatulutsa tinyanga tiwiri tofiirira kuseri kwa mutu ndi fungo lamphamvu, koma siluma. Pamtengo waukulu ine sindivutika nayo, masamba ochepa omwe idye mtengo sumva n'komwe. Koma pa mbande ya mu chubu kapena mtengo wongolumikiza kumene ziwiri zokha zimatha kuusiya ndodo, pamenepo ichotseni.

Pa bonongwe mukapeza masamba opindidwa omangidwa ndi ulusi, mkati muli zitosi, tsegulani mupeza kambozi kobiriwira. Pa tomato zigamba zoyera zouma mkati mwa tsamba lenilenilo ndi za kambozi kotchedwa Tuta absoluta, imeneyo ndi nkhani ina yaitali payokha. Rozimale ndi lemoni girasi mbozi sizizivutitsa kawirikawiri.

Tolani ndi manja, ndipo muyambe lero

Ndikudziwa ena zimawanyansa koma palibe njira yoposa iyi pa kadimba kakang'ono. Tengani kachitini kapena chigubu chodula, thiranimo madzi ndi sopo pang'ono, mbozi iliyonse yomwe mwapeza ponyanimo, sopoyo amapangitsa kuti imire isakwere kutuluka. Ngati muli ndi nkhuku zipatseni, bola ngati simunapopere mankhwala. Musangoiponya kuseri kwa bedi, yaikulu imabwerera kapena imalowa m'dothi n'kudzatuluka gulugufe. Mazira atswanyeni ndi chala pomwepo, kachigamba kaubweya kaja thyolani tsamba lonse. Tizikwa ta kunsi kwa masamba a repu nato titswanyeni. Zaubweya monga chiyabwe musagwire ndi dzanja, panani ndi timitengo tiwiri kapena valani jumbo kumanja, ndipo ana auzeni asazitole.

Chomwe chimapangitsa anthu kunena kuti kutola sikuthandiza n'choti amatola tsiku limodzi n'kusiya. Mazira omwe simunawaone amaswa pakangopita masiku ochepa, ndiye sabata yoyamba pitani tsiku lililonse, zikachepa muzipita kawiri kapena katatu pasabata. Mphindi khumi pomwe mukuthirira zakwana. Mbozi imadya chakudya chake chochuluka masiku omaliza ikakula, nde yomwe mwaipha ili kakang'ono mwapulumutsa pafupifupi masamba onse omwe ikanadya.

Minti ali ndi mwayi wina. Akagwidwa kwambiri moti simungathe kutola, mumweteni yense kusiya masentimita atatu kapena asanu kuchokera pansi, zomwetazo muchotse pamalopo, zabwino musankhe mutsuke muyanike pamthunzi zikhale za tiyi, zotsalazo mukwirire mozama kapena muotche. Thirirani, ikani manyowa pang'ono, pakatha masabata awiri kapena atatu waphukanso woyera. Basil musamumwete mpaka pansi choncho, mudule pamwamba pa mfundo yomwe ili ndi masamba awiri, aphukira pomwepo nthambi ziwiri. Kolianda akadyedwa kwambiri musalimbane naye, sakhalitsa kale, fesani wina pamalo ena.

Yodula mbande ili ndi njira yakeyake

Iyi kupopera masamba n'kutaya nthawi chifukwa imakhala m'dothi. Yambani musanadzale. Gulugufe wake amakonda kuikira mazira pamalo a udzu ndi zitsamba, ndiye mukalima lero n'kuwokera mawa, mbozi zomwe zimadya udzuwo zimapeza chakudya chatha kwatsala mbande zanu zokha. Limani bedi masabata awiri musanawokere, chotsani udzu wonse, tembenuzani dothi kuti dzuwa ndi mbalame zigwire ntchito yake, ngati n'kotheka lowetsani nkhuku zipalase tsiku limodzi kapena awiri bedi lisanadzalidwe.

Powokera vekani mbande iliyonse kolala. Dulani botolo lapulasitiki la madzi kapena la zakumwa kumutu ndi kunsi litsale chibowo, kapena kachikatoni ka mkati mwa tishu, kutalika masentimita asanu ndi awiri mpaka khumi, mulowetse m'dothi masentimita awiri kapena atatu mbande ili pakati. Mbozi ikafika imapeza khoma. Tsinde likakhwima pakatha masabata atatu kapena anayi mutha kuchotsa. Onetsetsani kuti mkati mwa kolalayo simunatsekeremo mbozi yomweyo. Ndipo m'mawa uliwonse mukapeza mbande yagwa, fukulani pomwepo mpaka muipeze musanabwezeretse mbande ina, apo ayi mwaipatsa chakudya cha usiku wotsatira. Udzu wophimbira ndi wabwino posunga chinyezi koma masiku oyambirira usagunde patsinde, siyani kampata kozungulira. Phulusa lowaza mozungulira limathandizako pang'ono likakhala louma, mukathirira latha mphamvu, ndipo musachulutse pa mbewu za m'zigubu chifukwa limasintha dothi.

Pali zina zokuthandizani m'dimbamo, musaziphe

Mavu omwe amamanga pakhonde amasaka mbozi kukadyetsa ana awo, mukakhala phee pafupi ndi bedi la repu muwaona akufufuza kunsi kwa masamba. Akangaude, chiswamphika, abuluzi, achule, nyerere ndi mbalame zonsezi zimadya mbozi kapena mazira ake. Alimi ena a chimanga amafika pothira msuzi wa usipa kunsonga ya chimanga n'cholinga choitana nyerere zidzagwire fall armyworm. Palinso timavu ting'onoting'ono tosaluma munthu tomwe timaikira mazira mkati mwa mbozi, ana ake n'kuidya mkati mpaka kufa. Mukapeza mbozi yofooka yosadya ili ndi tizikwa toyera kapena tachikasu pambali pake kapena pamsana, imeneyo musaiphe ndipo tizikwato musatitswanye, mukutuluka timavu tina tomwe tikagwire mbozi zina zambiri.

Timavu timeneti tikakula timamwa timadzi ta m'maluwa ang'onoang'ono, ndipo maluwa a kolianda ndi ena mwa omwe timakonda kwambiri. Nde musazule kolianda yense akayamba kutulutsa maluwa, siyani mapando awiri atatu m'mphepete mwa bedi, mupezanso mbewu yodzafesa. Basil ndi mpungabwi nawo siyaniko wina achite maluwa. Apa ndi pomwe saipa amapweteketsa kwambiri, amapha mavu, akangaude ndi njuchi zomwe, pomwe mbozi ina yabisala mkati mwa kabichi yapulumuka, pakatha masabata awiri zabwerera zambiri kuposa poyamba ndipo palibenso wozidya.

Kuphimba kumathandiza kwambiri pa nazale ndi pa mbewu za m'zigubu. Gulugufe akalephera kutera palibe dzira, palibe mbozi. Pindani timitengo kapena waya pamwamba pa bedi, yalani neti ya mabowo ang'ono kapena katani yakale yopyapyala yolowa kuwala, m'mphepete mutsindire ndi dothi kapena njerwa pasatsale mpata, ndipo netiyo isagone pamasamba chifukwa gulugufe amatha kuikira mazira kudzera m'mabowomo. Phimbani tsiku lomwe mwafesa kapena kuwokera, osati mbozi zitalowa kale. Masamba omwe timadya safuna njuchi kuti akule nde atha kukhala ophimbidwa nthawi yonse. Chonde neti yogonamo yomwe ikadali yabwino isachoke pabedi la ana kupita kudimba, malungo ndi oopsa kuposa mbozi.

Zikapitirira, pitani ku nimu

Mwa mankhwala onse opanga tokha amene ine ndimawakhulupirira pa mbozi ndi nimu. Anzathu a ku Chikwawa, Nsanje, Mangochi, Salima ndi Karonga mitengoyi ili ponseponse. Mphamvu yambiri ili mu njere kuposa masamba. Tolani zipatso zakupsa zomwe zagwa, chotsani mnofu, tsukani, yanikani pamthunzi ziume bwino, zachuku tayani. Sinjani mu mtondo woti simusinjiramo chakudya, yezani magalamu 50 pa lita imodzi ya madzi, ngati mulibe sikelo ndi pafupifupi manja awiri. Viikani usiku wonse, m'mawa sefani ndi nsalu kawiri kuti zisatseke sipuleya, sungunuliranimo kachidutswa kakang'ono ka sopo wamtanda kuti mankhwala amatirire patsamba, makamaka pa kabichi ndi repu pomwe madzi amangotsetsereka. Ngati njere palibe sinjani kilogalamu imodzi ya masamba aawisi muviike m'malita asanu, ndi yofookerapo koma imagwira.

Poperani madzulo dzuwa litapepa, chifukwa dzuwa limaononga mphamvu ya nimu msanga komanso nthawi imeneyo njuchi zapita. Lozetsani kunsi kwa masamba ndi kunsonga komwe kuli mbozi, osati kungonyowetsa pamwamba. Ngati mulibe sipuleya, botolo loboola timabowo pachitsekerero kapena katsache kakang'ono kowazira zimatheka. Musayembekezere kuona mbozi zikugwa nthawi yomweyo, nimu sagwira choncho. Amaichititsa kusiya kudya ndi kulephera kufundula, nde imafa pakapita masiku, chomwe muyang'ane ndi ngati masamba atsopano akutuluka opanda mabowo. Bwerezani pakatha masiku asanu kapena sabata. Zomwe mwasungunula gwiritsani ntchito tsiku lomwelo. Nimu ndi wowawa kwambiri, ndiye thyoleranitu masamba a masiku awiri atatu musanapopere, mukadzayambanso kuthyola mutsuke bwino.

Tsabola wa kambuzi wosinja pamodzi ndi adyo n'kuviika m'madzi a sopo anthu amamutama kwambiri. Amathandizako kuingitsa ndi pa timbozi tongoswa kumene, koma chimbozi chachikulu sachipha, ndipo samalani maso popopera. Ombwe ndi wamphamvu ndipo akatswiri ku Bunda ndi ku Mzuzu University akhala akumufufuza pamodzi ndi deliya ndi zitsamba zina, muyezo womwe umagwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi kilogalamu imodzi ya ufa wa masamba ouma m'malita khumi. Kafukufuku anapezanso kuti ombwe wina alibe mphamvu yophera tizilombo ngakhale amaoneka chimodzimodzi, n'chifukwa chake wina amati wandithandiza wina amati ayi. Koma ombwe ndi poizoni, amapha nsomba, musatsukire ziwiya zake kumtsinje kapena pafupi ndi damu, ndipo ine pa minti, kolianda ndi pasile zodya zaziwisi sindimulangiza, asiyireni nyemba ndi mbewu zokhalitsa. Fodya woviika ayi ndithu, chikonga chake chimalowa ngakhale pakhungu ndipo amatha kupatsira tomato ndi tsabola matenda a mozeiki. Sopo waufa wochapira zovala amawaula masamba anthete. Chilichonse chatsopano yesani kaye pa phando limodzi mudikire tsiku musanathire bedi lonse.

Za mankhwala a kusitolo

Ngati mwafika poti mugule, funsani kaye ma agro dealer akuluakulu ngati ali ndi Bt, dzina lonse ndi Bacillus thuringiensis, ena amagulitsa ndi dzina loti Dipel. Ndi bakiteriya wa m'dothi yemwe amapha mbozi zokha zikadya tsamba lopoperedwa, mavu, njuchi, nkhuku ndi anthu sawakhudza. Mbozi imasiya kudya pakapita maola ochepa n'kufa pakatha tsiku limodzi mpaka atatu. Amagwira bwino pa zing'onozing'ono, naye amafuna madzulo, ndipo sapezeka m'sitolo iliyonse nde mukamupeza musunge pozizira posafika dzuwa.

Enawa monga cypermethrin, dimethoate ndi anzawo, werengani lebulo musanatsegule botolo. Onani ngati mbewu yanu yalembedwapo, mupeza kuti thonje, chimanga, tomato kapena kabichi zilipo koma minti ndi kolianda palibe, ndipo ngati palibe musathire. Onani masiku oyenera kudikira kuchokera popopera kufika pokolola, masikuwo si okambirana ngakhale kubwere wogula ndi ndalama m'manja. Onaninso mzere wa mtundu kunsi kwa lebulo, wofiira ndiye woopsetsetsa, kenako wachikasu, wabuluu, wobiriwira ndiye wocheperako. Mankhwala otsanulira m'timabotolo topanda lebulo omwe amagulitsidwa pamsika musagule, simudziwa kuti ndi chiyani, anatha liti mphamvu kapena asakanizamo chiyani, ovomerezeka ndi omwe analembetsedwa ku Pesticides Control Board. Actellic ndi wosungira chimanga m'matumba, dibi ndi wa ng'ombe, zimenezi zisayandikire ndiwo.

Dziwaninso kuti kambozi ka pakabichi kaja kamazolowera mankhwala msanga kuposa tizilombo tambiri. Kale mu 1953 ku Java m'dziko la Indonesia kanapezeka kuti sikakufanso ndi mankhwala a DDT, ndipo kuchokera pamenepo kakhala kakupirira mankhwala osiyanasiyana, ku Hawaii kanafika popirira ngakhale Bt chifukwa chomuthira mowirikiza. Nde mukaona kuti mwapopera koma sikakufa, kuonjezera muyezo si yankho, mukungodzithira poizoni nokha ndi ogula anu. Sinthani njira, ndipo tengani mboziyo mu kabotolo pamodzi ndi tsamba lodyedwa mukawaonetse alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Popopera valani malaya a manja aatali, nsapato, chotseka pakamwa ndi mphuno, musapopere moyang'anana ndi mphepo, ana akhale kutali, mukamaliza sambani ndi sopo. Wina akayamba chizungulire, kusanza, kutuluka dovu kapena thukuta lambiri atapopera, thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo la mankhwalawo.

Mukamaliza kukolola

Zitsa za kabichi ndi repu wokalamba zomwe timazisiya m'dimba kuti mwina ziphukanso ndi momwe mbozi zimaswanirana podikira mbewu yatsopano. Zulani, dyetsani ziweto ngati sizinathiridwe mankhwala, kapena kwirirani mu kompositi mozama. Gaulani bedi kuti zikwa za m'dothi zituluke poyera. Nazale yatsopano musaike pafupi ndi bedi lakale lomwe lili ndi mbozi, ndipo pomwe panali repu musabwezepo mpiru, tchainizi kapena kabichi chifukwa ndi banja limodzi, ikanipo anyezi, karoti, nyemba kapena kolianda kwa ulendo umodzi. Mbande zogula pamsika kapena zopatsidwa ndi aneba zitembenuzeni masamba musanalowe nazo m'dimba, mazira ambiri amabwera choncho.

Masamba obooka ndi mbozi amadyeka bwinobwino ngati simunathire mankhwala. Aviikeni m'madzi a mchere pang'ono kwa mphindi khumi, timbozi tobisala timayandama, kenako tsukuluzani kawiri ndi madzi oyera. A minti ndi basil obooka kwambiri omwe simungagulitse ayanikeni pamthunzi pa lichero mpaka azithetheka, musunge m'botolo lotseka bwino.